Dzina la Amayi pa Mphika wa Maluwa

Kanatir, kufupi ndi Cairo, mwezi wa Febuluwale

Okondedwa achimwene anga Fikri,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Kuwait. Chifuwa chija munkadandaula nacho chifukwa cha fumbi la simenti chinasiya? Nanga mukudya, kapena mukungokhalira buledi ndi tiyi monga mwa chizolowezi chanu?

Kuno tili bwino, tikuyamika Mulungu. Amayi akudzuka ndipo akuyenda, kungoti ng'ala ya m'maso mwawo yakula. Alamu anga a Ibtisam ali bwino. Mwana wanu Yasin wamera mano a m'munsi, ndipo akuluma chilichonse, ngakhale mlomo wa mphika wa maluwa.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe lamya ilipo. Achimwene, mukundidziwa mmene ndilili. Mukangokweza mawu, mawu anga amathawa. Lachisanu lija munaimba ndinangoti "chabwino", koma mumtima simunali chabwino. Kalatayi ndinayamba ndailemba papepala lina, kenako ndakopera pano mosafulumira kuti pasakhale zofufuta. Chonde muwerenge mpaka pamapeto musanakwiye.

Inu maluwa simunawakonde chiyambire, ndiye ndikufotokozereni bwino za duwa limene tikukanganirali. Ndi kaja amayi ankakasamala kuseri kwa nazale ya Haji Zaghlul komwe timagwira ntchito, pansi pa neti ya mthunzi. Azungu amati impashensi. Akuti dzinalo limatanthauza wosaleza mtima, chifukwa kakhoko ka njere zake kakakhwima, ukangokakhudza kamaphulika, njere n'kumwazikira kutali. Kunyumba timangoti kaphulika.

Vuto la duwali ndi dzuwa la kwathu kuno. Anthu a ku Cairo amaligula likukongola, n'kulipachika pakhonde. Kukangotentha limafota ngati sanza yonyowa, ndipo amabwera kudzamunyoza Haji kuti anawagulitsa chodwala.

Amayi anayamba kalekale, inu musanapite, kufunafuna mbewu yopirira. Amatenga nthenga ya nkhunda, n'kutapa mungu pa duwa limene lapulumuka chilimwe, n'kupaka pa lina lokongola mtundu. Akatero amamanga kansalu pa kakhoko kuti kakaphulika njere zisatayike. Amafesa, n'kudikira. Zambiri zimafa. Zina zimapirira koma maluwa ake oyipa, zina zokongola koma zimangoima njo ngati asilikali, osagwera m'mbali mwa dengu. Zonsezo amazula, n'kuyambanso.

Maso atayamba kuchita mdima anandipatsa ine nthengayo. Iwo amakhala pa chitini pambali panga, akupapasa masamba ndi zala. Amati, "Ili ayi, tsamba lake n'lopyapyala, lifa mwezi wa Julaye. Tenga ilo lolimba ngati khutu la mbuzi." Manja ndi anga, achimwene, koma kusankha konse ndi kwawo.

Chilimwe chathachi tsinde limodzi silinafote. Masiku aja a mphepo yotentha, pamene ngakhale njati za mkaka zinkakana kutuluka m'ngalande, ilo linkangophuka. Tinadula nthambi zake n'kuzika mumchenga, ndipo zonse zinagwira, zonse zofanana ndi make. Pano madengu ake adzaza mzere wathunthu.

Mwana wa Haji, a Maisa, amene anaphunzira za ulimi ku yunivesite, anati duwa latsopano limafunika kulifotokoza bwino kuti lisasokonezeke ndi ena. Anabwera ndi rula ndi timakadi ta mitundu, n'kundiuza kuti ndizinena zimene ndikuona. Ine manyazi anandigwira, ndinangoyang'ana pansi. Iwo anaseka, amvekere, "Nesma, duwa ukulidziwa ndiwe, ine ndangobweretsa cholembera. Lankhula, sindiluma ngati Yasin."

Ndiye ndinanena pang'onopang'ono. Ndinati ndi lalifupi, silipitirira chikhatho ndi theka, koma nthambi zake zimagwa mozungulira dengu mpaka dengulo osaoneka. Masamba ndi obiriwira moderako, a mano ang'onoang'ono m'mphepete, kunsi kwake kofiirira. Duwa lake lili ndi timasamba tisanu, mtundu wa mkati mwa gwafa wofiira, ndipo pakati pali kadiso kakuda ngati njere ya khangaza yakupsa. Kuseri lili ndi kamchira kopindika. A Maisa anapeza nambala ya mtunduwo pa khadi lawo, koma anati za gwafazo alembanso, chifukwa nambala siichititsa munthu njala.

Atamaliza anafunsa dzina. Ine sindinaganize n'komwe. Ndinangotchula dzina la amayi.

A Maisa anati ndi dzina labwino. Haji anakanda chipewa chake, n'kuti, "Mwana wanga, ine ndimagulitsa maluwa, sindigula ndewu. Mnyamata wa ku Kuwait uja wavomera?" Ndinati sindinakufunseni. Iwo anati afunsa okha, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi munaimvera kwa iwo, osati kwa ine.

Zimene munanena pa lamya ndinazimva zonse, ndipo sindikuti munalakwa. Munati kodi ndikufuna kuti dzina la amayi anu lizikhala pakamwa pa oyendetsa ngolo ndi alonda a m'zipata? Munati anthu azidzakangana mtengo wake pamsika, wina azidzati ndipatseni awiri, wina azidzati wanga uja anafota. Munati mwamuna wa kwathu satchula dzina la make pagulu, ndipo inu simudzakhala woyamba kulilemba pa chikwangwani.

Ndikudziwa kumene mawu amenewo akuchokera. Ndinali wamng'ono, koma ndikukumbukira tsiku limene munabwera kuchokera ku sukulu malaya ali magazi okhaokha. Anyamata anali ataliona dzinalo pa satifiketi yanu yobadwira, n'kumaliimba kumbuyo kwanu njira yonse ya m'mbali mwa ngalande. Munamenyana nawo nokha, ndipo dzino lanu lakutsogolo linatsala komweko. Mpaka pano mukamaseka mumaphimba pakamwa. Dzino limenelo munaliperekera amayi, ndipo ine sindingapeputse zimenezo. N'chifukwa chake muona kuti m'kalata muno dzinalo ndikulilambalala.

Koma pali zimene simunazione chifukwa muli kutali.

Mwezi wathawu ndinawaperekeza amayi kuchipatala cha maso. Tinakhala pabenchi, anthu ali thithithi. Ine ndinapita kukagula madzi. Pobwera ndinamva namwino akuitana dzina la amayi, mokuwa, mobwerezabwereza. Amayi anali phee, manja pamiyendo, akuyang'ana uku ndi uku limodzi ndi anzawo. Anafika pomuuza mayi woyandikana nawo kuti, "Koma mkazi ameneyu, abwera bwanji kuchipatala n'kukagona? Atichedwetsa tonse."

Ndinawagwira phewa, ndinati, "Amayi, akuitana inu." Anadzidzimuka. Kenako anaseka kwambiri mpaka misozi, ndipo benchi yonse inaseka nawo. Ine ndinasekanso.

M'basi pobwerera ndinawafunsa kuti ndani anawaitana komaliza ndi dzina lawo. Anaganiza nthawi yaitali. Anati mwina malemu amayi awo, tsiku limene ankawapaka utoto wa hina m'manja pokonzekera ukwati. Anati abambo athu, Mulungu awachitire chifundo, ankangoti "iwe", ndipo inu mutabadwa anakhala amake Fikri kwa aliyense, ngakhale kwa achemwali awo enieni. Sananene modandaula ayi. Anati dzina la amake Fikri amalikonda kuposa ndolo zawo zagolide.

Musaganize kuti amayi ndi amene andituma. Nditawauza kuti mwakana, anandikalipira ine. Anati, "Iwe Nesma, mwana wanga akusenza simenti padzuwa, iwe ukumuwonjezera katundu wa maluwa? Akati ayi, ndi ayi. Duwa silidya dzina, limadya manyowa."

Alamu a Ibtisam anali pompo akusadzula ndiwo zamasamba za molokhiya. Anati, "Ngati dzina lavuta, ingolitchani Fikri. Si mukuti ukangolikhudza limaphulika?" Amayi anawaponyera nkhwaira, koma anaseka. Musawakwiyire alamu, akusowani ndi chifukwa chake amakutchulani pa chilichonse.

Ine ndinati basi nkhani yatha. Haji anati ngati palibe dzina, a Maisa alembe nambala, kapena alitche Mfumukazi ya Nile monga amatchulira anzawo a nazale zina. Ndinavomera.

Koma Lachiwiri lapitali ndinapita mmamawa kukathirira, ndipo ndinapeza amayi andiyambira kufika. Anali okha pansi pa neti, ataima pa mzere wa madengu aja. Sanandimve, chifukwa madzi anali akutuluka pa paipi. Ankapita dengu ndi dengu, akupisa chala m'dothi, akulankhula motsitsa. Nditayandikira ndinamva kuti akuliitana duwalo ndi dzina lija. Ankati, "Wamwa lero? Taona tsitsi lakoli, likugwera m'maso. Iwe ndiye wapirira, mwana wa anthu."

Ankalitchula mosamala, achimwene, ngati munthu amene akuyesa nsapato yomwe anaisunga kalekale kuti aone ngati ikumukwanabe. Ndinabwerera chammbuyo mpaka pageti, ndinatsokomola, ndipo ndinalowanso ngati ndikungofika kumene. Iwo anati amangoona ngati kulibe nsabwe pa masamba.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sukukhazikika. Ndaganizira mawu anu aja a oyendetsa ngolo. Ndi zoona, adzalitchula. Wina adzanenerera mtengo, wina adzaseka. Koma ine ndimaima pa nazale tsiku lililonse, ndipo ndimamva mmene anthu amatchulira dzina la duwa akalikonda. Salitchula ngati anyamata a m'mbali mwa ngalande aja. Mayi amalinyamula ngati khanda, n'kufunsa kuti limafuna madzi ochuluka bwanji. Wina amabwera chaka chinacho n'kuti, "Kaja ndinagula kaja kakadali moyo, ndipatseni kena ka mwana wanga wamkazi."

Amayi sadziwa kulemba. Nyumba ili m'dzina la abambo, ife tili m'dzina la abambo, nazale ndi ya Haji. Chinthu chokhacho chimene anapanga okha kuyambira pa njere ndi duwa limeneli. Mtundu wakenso sakuuona bwino tsopano, amandifunsa ine kuti lero laoneka bwanji. Likatchedwa Mfumukazi ya Nile lidzagulidwa ndithu, koma palibe adzafunse kuti mfumukaziyo inali yani.

Sindichita mobisa, achimwene. Haji anati sadinda timapepala ta pa miphika popanda mawu anu, ndipo inenso sindingafune. Haji akufuna kudinda mwezi uno usanathe, kuti madengu akafike ku Cairo lisanakwane tsiku la anakubala la mu Malichi. Mukati ayi kachiwiri, ndidzamata timapepala ta Mfumukazi ndi manja angawa, mowongoka bwino, ndipo sindidzaitchulanso nkhaniyi.

Pempho langa ndi limodzi. Musanamuyankhe Haji, muwaimbire amayi. Mukhale panokha, pomwe anzanu a kuntchito sangamve. Akayankha, muwaitane ndi dzina lawo kamodzi kokha, kenako mukhale chete mumve zimene achite. Mukamva, muweruze nokha. Ine ndidzatsata.

M'envulopu muno mupeza duwa limodzi lomwe ndinaliumitsa pakati pa nsalu. Mtundu wazilala pang'ono, lamoyo limawala kuposa pamenepa. Mupezanso kansalu komanga ndi ulusi, muli kakhoko ka njere. Ngati kafika kosaphulika, musakafinye. Ngati kaphulika m'njira, palibe kanthu, njere zili momwemo. N'chifukwa chake timamanga.

Mundiperekere moni kwa amalume a Sobhi ngati mumaonana nawo ku mzikiti Lachisanu, ndi kwa anzanu a m'chipinda. Alamu akuti jekete ija atumiza ndi munthu wobwera kumeneko mwezi wamawa. Yasin wapaka dothi pakona ya pepalali, ndasiya dala osapukuta. Mulungu akusungeni, akutetezeni pa makwerero a ntchito yanu, ndipo akubwezereni kwa ife muli wamphumphu.

Ndimati nditseke, amayi alowa n'kufunsa kuti ndikulemba chiyani nthawi yonseyi. Ndawauza kuti ndi kalata ya kwa inu, ndipo zimene zili m'katimu sindinawabisire. Iwo ati ndikuuzeni kuti muzivala mpango pakhosi mmamawa, musamamwe madzi ozizira muli thukuta, ndipo za maluwazi zisakusowetseni tulo.

Ndawafunsa ngati pansi pa moni wawo ndilembe kuti wachokera kwa amake Fikri. Apukuta manja pa diresi nthawi yaitali. Kenako ati, "Amake akuwadziwa kale. Lemba linalo, alione mmene limaonekera."

Ndiye ndalemba monga andiuzira, ndipo iwo adinda chala chawo pambali pake.

Moni wochokera kwa Badriya.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Nesma