Mbiya ya Nangozo

Lachinayi, Juni 1947. Kwazizira tsiku lonse.

Ndinali pakhonde ndi buku pamene alamu anadzandiuza kuti mowa wa m'meto wa malemu mkazi wanga Nangozo sukuwira. Abale akufika mawa kuchokera ku Bwanje.

Tinawonjeza chimera, tinasendeza mbiya kufupi ndi moto, tinaifunditsa bulangete. Inangoti zii.

Kenaka alamu ananunkhiza kukamwa kwa mbiyayo. "Kodi munaitsuka?"

Ndinavomera. Ndinaikwecha ndi mchenga kuti iyere pa mwambo wake.

"Kalanga ine, alamu! Mbiya ya mowa sakwecha. Nsenga zakale ndizo zimadzutsa watsopano."

Apita kukapempha nsenga kwa anzawo. Mwina uwira, koma sudzakoma ngati wa mkazi wanga. Ndatsala ndi mbiya yoyera, yosanunkhiranso mowa wa Nangozo.