Ganizani Wayenda

Okondedwa bambo a Ganizani,

Ndikupatsani moni ndi manja awiri. Kaya inu muli bwanji ku Halaleko? Kuno ku Sinda tili bwino, kungoti chifuwa cha amayi sichikutha.

Mwana wanu wayenda! Zaka ziwiri zinakwana akungokwawa, timiyendo tili lendelende. Alongo anu anawanditsa m'mudzi monse kuti ndi tsempho, ati ine ndinalowetsa mwamuna wina m'nyumba inu mutachoka. Ndikafika kuchitsime, akazi anzanga ankangoti zii. M'mawa uliwonse ndinkamutikita mwanayo miyendo ndi mafuta a nsatsi padzuwa, n'kumudyetsa phala la nsinjiro. Amalume ake anazika mphanda ziwiri n'kupingasa nsungwi kuti azigwirira.

Lachiwiri ndinkasinja pabwalo, alongo anuwo atabwera kudzapala moto. Ganizani anasiya nsungwi ija n'kuima yekha njo! Anaponya phazi, naponyanso lina, mpaka anadzagwira mtondo wanga. Ndinalulutira mpaka mawu anasasa. Alongo anu anangoti, “Komatu wachita mwayi.” Ine ndinati, “Mlamu, palani moto wanuwo, mukauzenso onse aja munawauza zoyambazo.”

Mukapeza munthu wobwera kuno, mutumize kansalu ndimusokere malaya, poti tsopano akuzungulira makomo a eni. Chakuda chili kuseri kwa pepalali ndi phazi lake, ndalidinda ndi mwaye kuti mulione.

Mulungu akusungeni pantchitopo. Tsiku lobwera simudzamupeza kumsana kwanga, adzakuchingamirani yekha panjira.

Ndine mkazi wanu,
Nabanda