Bambo Asiya Kukangana ndi Foni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti denga likudontha m'chipinda cha bambo, moti tasuntha bedi.

Foni munatumiza ija inafika, ndipo ndinawaikiramo Baibulo lomvetsera lija, la chilankhulo cha masiku ano. Bambo mukuwadziwa. Maso anafa, koma mawu a m'Baibulo lawo lakale onse akadali m'mutu. Tsiku loyamba anakwiya: "Mnyamata ameneyu akuwerenga Mawu a Mulungu ngati akutsatsa tomato." Vesi lililonse ankandiuza kuti ndiimitse, n'kulikonza mokweza momwe ankawerengera kutchalitchi. Ndinkatopa nazo, koma m'nyumba munkamveka kuti muli munthu.

Sabata ino asiya. Amangomvera atayang'ana kukhoma, tiyi n'kuzizira pampando. Dzulo ndinaimitsa dala pakati pa salimo kuti mwina andikalipire. Anangoti, "Musiye amalize, mwanawe. Akumveka bwino."

Adokotala anabwera, ndipo anayankhula nane panja. Zimenezo sindilemba.

Bambo sanafunse za inu. Koma galimoto ikaima pamsewu, amandiuza kuti ndiyambe ndazimitsa foniyo.

Ndine mlongo wanu.