Njuchi Zandikana, Achimwene

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuwalola kupita kudimba? Ife kuno tikudzuka ndithu, kungoti mtima wanga suli m'malo. Ndasankha kulemba chifukwa foni yanu amayankha aliyense, ndipo makutu a amayi mukuwadziwa.

Mapeyala pa esiteti pano achita maluwa. Ino ndiyo nyengo ya njuchi, chifukwa zikapanda kunyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina, maluwa amangoyoyoka osabala kanthu. Tinaika ming'oma makumi anayi m'mizere ya mitengo, ndipo woyang'anira ndine. Njuchizo n'zamakani. Maluwa a mapeyala siziwakonda kwenikweni, zimathawira ku malalanje a munda woyandikana nafe. Ndiye ndimakhalira kusuntha ming'oma, kuziikira madzi m'mabeseni, ndi kukangana ndi mkulu wopopera mankhwala, amene amafuna kupopera dzuwa lili pamutu, njuchi zili pa maluwa.

Tsopano ndiulule. Ntchitoyi ndinaipeza ndi bodza. Akapitawo atafunsa ngati alipo wodziwa njuchi, ndinakweza dzanja n'kunena kuti ndinakulira pa ming'oma. Inu mukudziwa kuti wofula uchi munali inu. Ine yanga inali kuima patali ndi chidebe, kenako n'kudya uchi wambiri kuposa mwini wake. Ndinasirira nyumba ya zipinda ziwiri imene amapatsa wa njuchi, poti kumene tinkakhala kale ana ankagona pansi pa tebulo.

Ntchito ndaiphunzira, koma thupi langa lakana. Poyamba zikandiluma ndinkangotupa pamalo pomwepo. Mwezi watha imodzi inalowa m'golovesi, mkono unatupa mpaka m'khwapa. Lachitatu lapitali ina inandipeza pakhosi ndikumanga chipewa cha neti. Nkhope inafufuma, maso anatsekeka, mpweya unkachita kuvuta kulowa. Woyendetsa thirakitala ndiye anathamanga nane kuchipatala, ndipo ndamupempha kuti asauze munthu. Akapitawo ndinawanamiza kuti anali malungo.

Anamwino sanabise mawu. Anati zikadzandilumanso khosi likhoza kutsekeka ndisanafike n'kuchipatala komwe, choncho ndisiyane nazo. Anandipatsa jakisoni wobaya pantchafu zikangondiluma. Achimwene, ndili ndi mantha. Masiku ano ngakhale ntchentche ikadutsa pakhutu, ndimadumpha n'kuthawa.

Ndikanena zoona lero, ntchito yatha, nyumba tatulukamo, ana asiya sukulu pakati pa teremu. Ndikakhala chete, ndikusewera ndi moyo. Maluwa atsala ndi milungu isanu.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Abwana akufuna munthu wachiwiri wa njuchi nyengo ino, ndipo ndawauza kale kuti ndili ndi mkulu wanga amene njuchi zimamumvera. Apa pokha sindinaname. Inu muzitsegula ming'oma, ine ndizichita zakutali, zamadzi ndi mikangano ya opopera. Akaona dzanja lanu, ndidzalimba mtima kuwauza zoona n'kupempha kuti andisamutsire kosankha zipatso. Nyumba idzakhala m'dzina lanu, ndipo sindikhulupirira kuti mungatulutse ana a mng'ono wanu. Ndikudziwa kuti ndikukuchotsani pa munda wanu nthawi yolakwika, ndipo alamu andinena. Andinene, ndavomera.

Amayi musawauze za kutupaku. Mungowauza kuti kuno ntchito yachuluka, manja achepa.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali, achemwali ndi amuna awo, ndi ana onse. Ana kuno akuti moni kwa abambo aakulu.

Lolemba tikutsegula ming'oma khumi ya kumtunda, ndipo palibe pozembera. Mlamu wanu wa kuno, uja amayang'ana kumbali mwana akamalandira katemera, wakhala akuphunzira kubaya ndi singano yosokera pa peyala. Wati adzaima kumapeto kwa mzere ndi jakisoni m'manja mpaka nditatseka mng'oma womaliza. Chonde yankhani msanga.

Ndine mng'ono wanu,
uja wa chidebe