Mtengo Wanga wa Pakasupe

Lolemba, 6 Okutobala

Amene mudzapeze izi, pepani kukuvutitsani. Ndilibe wina womuuza.

Achimwene afika kuchokera kutauni, ndi alamu. Akuti munda tigawane Loweruka la pa 18, mvula isanagwe. Mtima sukukhala pansi.

Munda wathu ndi wapamtsetse. Kumtunda miyala ndi dothi lofiira, chimanga chimalekeza m'chiuno. Kumunsi dothi lakuda, ndi kasupe amene sanaphwepo. Malemu Bambo anaswa mphanje okha, ndi nkhwangwa yobwereka. Mwana akabadwa ankabzala mtengo n'kunena kuti, "Apa ndi pako." Wa mango kumsewu, wa Achimwene. Wa mandimu pachulu, wa Achemwali. Wa magwafa kumiyala, wa mzime. Wanga wa mapeyala, pakasupe penipeni.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndawasambitsa Amayi, ndawatulutsa padzuwa monga masiku onse. Miyendo inafa, mutu uli bwinobwino. Alamu anangoima pakhomo atagwira mphuno.

Achimwene atsikira kumunsi, nsapato zonse matope. Akuti pakhoza kukhala damu labwino la nsomba. Pakasupe panga.

Lachisanu, 10 Okutobala

Achemwali ndi mzime afika. Tili tonse pakhonde Achimwene anafunsa, "Amayi, wa mapeyala uja anabzalira ndani?" Ine ndinaseka. Amayi sanaseke. Akuti Bambo anabzalira kamwana kamene kanamwalira ine ndisanabadwe.

Ndinati, nanga wanga?

Amayi anati, "Chaka chako sanabzale kanthu. Anali kumigodi, chaka chachiwiri asanabwereko."

Alamu anaomba m'manja. "Mpake mphunoyo!" Mzime anaseka mpaka kutsokomola.

Lamlungu, 12 Okutobala

Mtengo uja ndinayamba kuuthirira ndili kamtsikana. Ndinautchingira mbuzi ndi minga, ndinathira phulusa kuletsa chiswe. Bambo ankandiona. Ndakumbukira kuti ankanditchula "mwana wa amake". Ndinkayesa chikondi.

Achimwene akuti andichitira chifundo: kachigawo ka kumiyala, kuseri kwa magwafa. Kumene ngakhale chisoso chimanyala. Ndipo Amayi ndizikhala nawobe ine, "poti munazolowerana".

Lachitatu, 15 Okutobala

Onse apita, abweranso Loweruka kudzakhoma zikhomo za malire. Tatsala awiri m'nyumba.

Ndinagwada pamphasa pawo. Ndinati, Amayi, mudzangonena kuti munasokoneza, ukalamba. Pakamwa panu pokha ndi pamene adzamvere. Anatembenukira kukhoma. "Ine sindinama."

Sanama! Moyo wanga wonse akundiona ndikuthirira mtengo wa mwana wakufa.

Ndawauza kuti chonde andiyankhe Loweruka lisanafike.

Lero dzuwa linali labwino, lopanda mphepo, lija amalikonda. Anandiitana kuchokera kuchipinda ndi dzina langa laubwana. Ndinali pakhonde, ndinamva. Sindinawatulutse.

Mawa ndiwafunsanso.