Mtedza wa ku Kilimane

Lamulungu, 3 Julaye 1955
Atilengeza! Dzina langa ndi la a Spencer, mpingo wonse ukumva. Nyimbo yotsekera ndaimba vesi lolakwika, kawiri. Ukwati pa 23. Miyendo sikugunda pansi.

Lachiwiri, 5 Julaye
Ndatsegula bokosi la malemu mayi, kufuna nsalu. Pansi pa chivundikiro, pepala la 1931, katundu amene anabwera naye kuchokera ku Milanje. Anawalembera aphunzitsi. Miphika iwiri, khasu, nsalu zitatu, "mtedza wa ku Kilimane umodzi." Umodzi! Ndaseka mpaka misozi. Kenaka ndaupeza, wokulungidwa m'kansalu kofiira. Ngati dzira la njiwa, wolimba, ukaugwedeza umalira m'kati. Ndamuonetsa Joice, mlongo wa a Spencer. Kuiwala kuti Joice sagona ndi nkhani.

Lachinayi, 7 Julaye
Zavuta. A Alefa, azakhali a a Spencer, mkulu wa amayi a Mvano: "Konda-ine ameneyo. Mwana wathu wadyetsedwa." Akuti kulengeza kwachiwiri kuime mpaka chinthucho chidziwike. Ine kudyetsa munthu? Ndi phala lomwe ndimapsereza.

Loweruka, 9 Julaye
Ku Likhubula, chiperoni chili tsetsetse. A Elson, kapitawo wa zankhalango, anunkhiza mtedza uja, agwedeza, ayang'ana kumwamba. Zaka makumi awiri paphiri la Chambe, mtengo wake sanauonepo. Amafuna audzale. Ndachita kulanda.
Dzulo sindinadye. Lamulungu la mawa, dzina langa silimveka.

Lachiwiri, 12 Julaye
Zadziwika! A Mariyamu a pasitolo aseka mpaka kukhala pa thumba la mchere. "Kungumanga!" Chokometsera tiyi ndi phala basi, chochokera kugombe. Auswa ndi mwala wa sikelo. Fungo lake, mayo! Sitolo yonse. Ndavina pamaso pa ogula palafini.
Potuluka andigwira mkono. Kwawo, akuti, mayi amasungira mwana wamkazi, kuti adzamuthirire m'phala m'mawa wa ukwati.
1931. Ine ndinali ndisanabadwe.

Lachinayi, 14 Julaye
Tiyi wa Mvano ndaphika ine, ndapaliramo ndi mpeni onse akuona. A Alefa manja kumbuyo. Amayi busa amwa, sanafe, sanakonde munthu. A Alefa makapu awiri, kenaka kufunsa ngati amathandiza nyamakazi. Nkhani ya phala la ukwati ndawauza.
A Spencer panjira: "Akhale konda-ine, wafika mochedwa." Ndapunthwa pa chitsa. Chala chatupa, ndilibe nazo ntchito.

Lachisanu, 22 Julaye
Mawa! Diresi lafupika pang'ono, zilibe kanthu. Mtedza watsala theka, lina linathera kukhutiritsa anthu. Zikundiwawa. Mayi anausunga zaka zonsezi osaupala n'kamodzi komwe.
Masana a Alefa atulukira ndi kamphika kawo. Maso kumbali. "Phala la mawa ndiphika ndine. Mayi ako kulibe." Ndalira ngati mwana.
Ndawapatsa kachidutswa. Kotsala ndakulunganso m'kansalu kofiira. Pa pepala lija, pansi pa dzanja la aphunzitsi, ndalemba: 1955, wachepa, koma ulipo. Wa mwana wanga wamkazi.