Andiika M'manda Ndili Moyo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tadzuka, kungoti ine akuti ndinamwalira. Musadzidzimuke, ndine ndemwe ndikulemba.

Nkhani ndi ya mnyamata wanga wa ku yunivesite, uja anzake amamutcha Pulofesa. Mwezi watha anabwera ndi buku la kafukufuku wake wa chaka chomaliza, lachikuto chakuda, dzina lake lolembedwa mwagolide. Mukudziwa kuti Chingerezi cha m'mabuku otere chimandidutsa. Ndinangolipukuta n'kuliika pa shelefu ya m'chipinda chosokera, pamwamba pa ulusi, kuti makasitomala azilionera. Ngakhale wongobwera kudzaikitsa zipi ndinkamuonetsa.

Ndiye kunabwera mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, kudzatenga siketi yake. Ndikumalizitsa mpendero, iye anatsegula bukulo. Anawerenga tsamba loyamba, n'kundiyang'ana, n'kuwerenganso. Kenako anandifunsa mwaulemu ngati mwanayu ndinachita kumupeza. Ndinaseka, ndati ayi, ndinabereka ndekha, chipsera cha opaleshoni chilipo. Apo m'pamene anandimasulira zolembedwazo: bukuli ndalipereka kwa malemu mayi anga, amene anatisiya ndisanamalize ntchitoyi.

Achimwene, ndinadzibaya singano osamva kuwawa.

Mwanayo atabwera ndinamufunsa. Poyamba anati ndi kalembedwe ka anthu ophunzira, ine sindingamvetse. Nditamupanikiza anaulula kuti bukulo analipeza pa intaneti, la munthu wakudziko lina, iye n'kungosintha dzina, chaka ndi mayina a malo. Ulesi wake, ngakhale tsamba loyambalo sanaliwerenge. Wakuba nkhuku amayamba wamasula kachingwe ka mwiniwake kumwendo, koma wangayu ayi.

Zimenezo ndikanapirira. Chandipweteka ndi ichi. Aphunzitsi ake anali atamugwira kale. Akuti ali ndi pulogalamu ya pakompyuta yomwe imafiiritsa mawu okopera, ndipo bukulo linafiira lonse. Atamuitana ku komiti, mmodzi anamufunsa ngati mayi akewo anamwaliradi kapena nawonso ndi okopera. Mwana amene ndinamuyamwitsa ine anagwetsa misozi, n'kunena kuti tsamba lokhalo ndiye lake. Akuti maliro anga ndi amene anamusokoneza mutu mpaka kukopera.

Tsopano akuti akatsimikiza kuti ndi wamasiye amulola kubwereza chaka, apo ayi amuchotsa sukulu. Anawapatsa nambala yanu monga amalume ake omulera. Akuimbirani sabata ya mawa.

Anandigwadira pafupi ndi makina, n'kunena kuti, "Amayi, ingofani pang'ono mpaka ndimalize." Anawonjezera kuti tsiku lolandira digiri ndisadzapite, adzandibweretsera zithunzi.

Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Mwanayu ndimamukonda, inu ndinu mboni. Maso angawa anathera pa singano chifukwa cha iye. Koma akazolowera kuti mayi amafa n'kudzuka malinga ndi mmene zinthu zamuthinira, mawa adzapha ndani? Nanga ndikadzafadi, ndani adzakhulupirire misozi yake?

Choncho pempho langa ndi ili. Akakuimbirani, musamunamire. Auzeni kuti mlongo wanu ali moyo, akusoka, ndipo ngati akukayika ndipita ndekha akandione ndi maso. Ngati n'kumuchotsa, amuchotse. Digiri yotengera maliro anga sindikuifuna m'nyumba muno.

Ndinamuuza kale zimenezi, kuti asadzati ndinamuzembera. Kuyambira tsiku limenelo sakudya chomwe ndaphika, sakundipatsa moni. Amalowa n'kutuluka, kundidutsa pakhonde ngati kuti ndinafadi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo muzimupempherera mwanayu, poti ine pakali pano pemphero lake likundikanika.

Ine mlongo wanu,
Mayi ake a Pulofesa